KODI AGOGO A KU MITUNDU ANAPHUNZIRA KUTI CHINGEREZI CHOTERE?

Pa msonkhano wathu wa alembi wapitawu tinawerenga nkhani zazifupi ziwiri za m'Chingerezi. Yoyamba inachitikira pa msika wa Mitundu, yachiwiri pa siteji ya Nathenje. Alembi ake ndi anyamata a kwathu komweko, ndipo maina awo sinditchula poti akudzidziwa, ndiponso mlandu umene ndiri nawo si wa iwo okha. Nkhani yoyamba tinaiombera m'manja chifukwa munalibe cholakwa cha galamala ngakhale chimodzi. Yachiwiri tinaisenda ngati chinangwa, ali yense ndi mpeni wake, mpaka mwini wake anangoti zyoli. Ine ndinaombera nawo m'manja, ndinasendanso nawo. Koma pobwerera kunyumba mtima wanga sunakhale pansi, chifukwa ndinaona kuti tinatha maola awiri tikuchonga mayeso m'malo moweruza nkhani. Ndalemba izi m'Chichewa mwadala. Ndikanalemba m'Chingerezi, ena a inu mukanasiya mfundo ndi kuyamba kusaka pamene ndaiwala "the".

Tiyambe ndi nkhani ya ku Mitundu. Mnyamata wabwera kuchokera ku Johannesburg kumene anakhala zaka zingapo. Atsika pa msika, napeza agogo ake akugulitsa mtedza ndi tomato. Kumeneko ndi kumene akumva kuti munda umene ankayembekeza kudzalima waperekedwa kwa wina. Nkhaniyi ndi yoona, ndipo ali yense wodziwa kuchepa kwa malo m'midzi yozungulira phiri la Bunda akhoza kuivomereza. Koma tamvani m'mene agogowo akulandirira mdzukulu wawo: "Hello, my dear. What a pleasant surprise!" Chiganizochi chiribe banga. Mphunzitsi ali yense akhoza kuchipatsa malikisi onse. Funso langa ndi lakuti: kodi agogo a ku Mitundu anaphunzira kuti Chingerezi chotere?

Ndikudziwa kuti agogowo sanalankhule Chingerezi konse, ndi kuti mlembi anali kutimasulira. Komatu pamenepo ndi pamene pagona nkhani. Womasulira ayenera kuyamba wamva chimene chanenedwa. Ine ndinakulira m'dera limeneli, ndipo sindinamvepo agogo akudabwa mwa njira imeneyi. Agogo akadaphimba maso ndi dzanja, nayang'anitsitsa, nati, "Kodi ndi iwe?" Mwina akadaluluta. Moni weniweni akadapereka mnyamatayo atakhala pansi, osati ali chiriri. Ndipo mosakayika akadamseka kuti, "Amuna anga, mwandibweretsera chiyani ku Joni?" pakuti kwathu agogo aakazi amatcha mdzukulu wamwamuna mwamuna wawo, ndipo ndi m'nthabwala yomweyo mmene chikondi chawo chimaonekera. Zonsezi mlembi akuzidziwa. Anazitaya chifukwa m'mabuku amene anaphunziramo Chingerezi munalibe chiganizo chozinyamula, ndipo iye anasankha chiganizo chimene anali nacho kale m'thumba.

Vuto lachiwiri ndi lalikulu kuposa loyamba, chifukwa likugumula msana wa nkhani. M'nkhanimu muli amuna awiri ndipo onse akutchedwa "uncle". Mmodzi ndi mlongo wa amayi a mnyamatayo, winayo ndi mng'ono wa abambo ake. Kwa Mngerezi awiriwa ndi ofanana. Kwa Mchewa ali kutali ngati Dzalanyama ndi Nkhoma. Woyambayo ndi amalume, atsibweni, mwini mbumba, amene mau ake pa za munda wa banja ndi olemera. Wachiwiriyo ndi abambo aang'ono, ndipo pa munda wa kuchikazi alibe chonena. Nkhani yonse yatsamira pa kusiyana kumeneku, koma liu limodzi la Chingerezi lakufafaniza. Ife tomwe, Achewa okhaokha, tinasokonezeka pa tsamba lachitatu mpaka wina anafunsa kuti wapereka munda ndi "uncle" uti. Nanga mlendo wa ku Nairobi kapena ku London adzamva chiyani?

Chimodzimodzinso pa chimake pa nkhani, pamene mnyamata wakwiyira amalume ake. Pa Chichewa pangafunike liu limodzi lokha kuti mudzi wonse ugwire pakamwa: mwanayo asiye "inu" anene "iwe". Chingerezi cha masiku ano chiri ndi "you" mmodzi yekha, wa mfumu ndi wa mwana yemwe. Mlembi wochenjera, poona kuti chida chimenechi palibe, akanafuna china. Akanamuimiritsa mnyamatayo pamene akulu ali pansi, kapena kumtchulitsa dzina la amalume lopanda ulemu, kapena kutionetsa amayi ake akutseka makutu. Mnzathuyu sanachite chiri chonse cha izi, ndipo mkangano umene unayenera kutentha wangozizira ngati nsima ya dzulo. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Tsono tipite ku Nathenje. Nkhani yachiwiri ndi ya kondakitala wa minibasi ndi mai wina wonyamula dengu la kabichi kupita nalo ku Lilongwe. Maiyo wakwera, kenaka wakumbuka kuti waiwala chenje kwa wogulitsa mandasi, natsika akunena kuti "I am coming." Kondakitala akudandaula kuti woyendetsa "has eaten my money." Wina akupempha mnzake kuti "borrow me your phone." Powerenga ndinamva fumbi la pa msewu wa M1 m'mphuno, ndinamvanso hutala ndi phokoso la oitanira. Anthu a m'nkhaniyi ali ndi moyo. Koma pofika pamene ndalama zasowa, mlembi, m'mau ake a iye mwini wosimba nkhani, wasakaniza "he" ndi "she" kawiri m'ndime imodzi, kotero kuti sitikudziwa ngati wabisa ndalama ndi kondakitala kapena mai uja. Wayambanso ndime ndi nthawi yakale, naimaliza ndi nthawi yatsopano popanda chifukwa. Titamfunsa, anayankha kuti chimenecho ndi Chingerezi cha kwathu, ndi kuti Achebe analoleza.

Pa yankho limeneli ndi pamene ndifuna kukhalitsa, chifukwa theka lake ndi loona ndipo theka linalo ndi ulesi. Zinthu zimene timazitcha "zolakwa" m'Chingerezi chathu siziri za mtundu umodzi. Ine ndimaziika m'madengu atatu.

M'dengu loyamba muli zolakwa zenizeni, zimene zimasokoneza womvera. Pafupifupi zonse zimachokera m'kapangidwe ka Chichewa, ndipo si chizindikiro cha umbuli ai. Chichewa sichisiyanitsa mwamuna ndi mkazi pa mlowam'malo: "wabwera" ndi "wabwera" basi, kaya ndi mnyamata kaya ndi mtsikana. N'chifukwa chake "he" ndi "she" zimatiterera pa lilime ngakhale titaphunzira chotani. Chichewa chiribe "a" ndi "the", ngakhale ntchito yake chimaigwira mwa njira ina. Tikati "ndaona galu" ndi galu wina ali yense, koma tikati "ndamuona galu uja" tonse tikumdziwa galuyo. Ka "mu" ndi ka "uja" ndiye "the" wathu, ndipo ndikhulupirira kuti ana akanamva msanga tikanawaphunzitsa kuchokera pamenepa. Mperekezi wathu "ku" amagwira yekha ntchito ya "to", "at" ndi "from": ndikupita ku Mitundu, ndiri ku Mitundu, ndikuchokera ku Mitundu. Timati "ndikudziwa" ndi "ndikumva", choncho mwana amalemba "I am knowing" ndi "I am hearing the smell", poti kwa ife khutu, mphuno, mimba ndi mutu zonse zimamva. Timati "ndatopa" ndi "wagona" ngati zinthu zochitika kale, pamene Mngerezi amati "I am tired" ndi "he is asleep". Choopsa kwambiri ndi yankho la funso lokana. Dokotala wachilendo akafunsa wodwala kuti "Didn't you take the tablets?" wodwala wa kwathu amati "Yes", kutanthauza kuti inde, sindinamwe. Dokotalayo amamva kuti wamwa. Apa sipafunika kutchula Achebe. Apa munthu akhoza kufa.

M'dengu lachiwiri muli mau amene galamala yake iri bwino, koma tanthauzo lake ndi la kuno. "I am coming" wa mai wa kabichi ndi "ndikubwera" wathu, amene timanena tikuchoka. Mngerezi akanati "I'll be right back." Timati "I stay in Nathenje" chifukwa kukhala ndi kumodzi, pamene iye amati "live" pa mudzi wake ndi "stay" pa malo ogona alendo. Timati "let me escort you" poperekeza mlendo, pamene kwa iye "escort" ndi wa apolisi kapena wa pa mwambo. Munthu akapunthwa timati "sorry", ndiye "pepani" wathu, ndipo mzungu amadabwa nayankha kuti si ife tamgwetsa. Tikati "you have grown fat" tikuyamika kuti munthu akudya bwino, koma iye amamva chipongwe. Mau oterewa ndi Chingerezi cha Amalawi, monga m'mene Amwenye, Anaijeriya ndi Aamereka aliri ndi chawo. Wophunzira ayenera kudziwa kuti kunja sadzamveka m'mene akufunira, koma palibe chifukwa chomchititsa manyazi, ndipo m'kamwa mwa munthu wa m'nkhani mauwa ndi chuma.

M'dengu lachitatu muli zimene mlembi wapinda mwadala, akudziwa lamulo limene akuliswa ndi chimene akugula polisiya. Apa ndi pamene pali Achebe. Iye ananenadi, m'zaka za m'ma 1960, kuti Chingerezi chiyenera kusinthidwa kuti chisenze katundu wa moyo wa mu Afirika. Koma Achebe anali ataphunzira pa koleji ya ku Ibadan, ndipo mu *Things Fall Apart* ya mu 1958 simudzapezamo "he" woterereka. Anapinda miyambi ndi kayendedwe ka chiganizo kuti timve Chiigbo kuseri kwa Chingerezi, koma sanasiye wowerenga akufunsa kuti wapha mnzake ndani. Gabriel Okara, mu *The Voice* ya mu 1964, anapita patali kwambiri, nasanja mau a Chingerezi motsata chilankhulo cha Ijaw. Ena amalikonda bukuli, ena limawatopetsa, koma palibe amene anganene kuti Okara sanadziwe chimene anali kuchita. Amene Chingerezi chake chinali chosaphunzira kwenikweni ndi Amos Tutuola, ndipo pamene *The Palm-Wine Drinkard* inatuluka ku London mu 1952, azungu anaitamanda koma Anaijeriya ambiri ophunzira anachita nayo manyazi. Tutuola anapulumuka chifukwa nthano zake zinali ndi mphamvu yoposa galamala. Mnzathu wa ku Nathenje asadalire mwayi umenewo.

Kulakwa kwa msonkhano wathu kunali kwakuti tinathira madengu atatuwa pa mphasa imodzi. Mnzathu woyamba anaopa dengu loyamba kotero kuti anataya lachiwiri ndi lachitatu lomwe. Mnzathu wachiwiri anakonda dengu lachiwiri kotero kuti anabisamo zinyalala za loyamba. Ndipo ife oweruza tinapatsa mphotho mantha, ndi kulanga moyo.

Mantha amenewa ndikuwadziwa kumene amachokera, chifukwa ine ndinawabzala nawo. Ndinaphunzitsa Chingerezi zaka zingapo pa sukulu ina ya m'dera lomweli, imene sinditchula. Tinali ndi kachikwangwani kamene mwana wolankhula Chichewa ankakavala m'khosi, ndipo amene kamtsalira madzulo ankatchetcha udzu. Zotsatira zake zinali zakuti ana anasiya kulankhula konse pamaso pathu. Chaka china mtsikana wa Fomu 4 analemba chimangirizo cha maliro, ndipo analemba kuti amene anamwalira ndi "my small mother". Ine ndinadula ndi inki yofiira, ndi kulemba pamwamba pake "aunt". M'mawa mwake anabwera, nagwada pafupi ndi tebulo, nati, "Aphunzitsi, pepani, koma sanali azakhali anga ai. Anali amayi aang'ono. Ndi amene anandilera amayi atamwalira." Ndinamuuza kuti ku mayeso alembe "aunt" basi. Kunena za mayeso sindinaname. Koma tsiku limenelo ndinaphunzitsa mwana kuti chilankhulo chimene chidzamtsegulire chitseko chiribe malo a munthu amene anamlera.

Chimene chimandipweteka kwambiri ndi chakuti nthawi imene ndinataya pa "small mother" ndikanaigwiritsa pa dengu loyamba, pa nthawi za aneni ndi pa "he" ndi "she", zimene zinadzaza pepala lake. Masamu ndi zaulimi ankakhoza bwino. Chingerezi analephera, ndipo poti lamulo la MSCE ndi lakuti munthu akhoze maphunziro asanu ndi limodzi kuphatikizapo Chingerezi, satifiketi sanaione. Ndinadzakumana naye patapita zaka akugulitsa anyezi pa msika wa Mitundu, akuwerengera ophunzira a ku Bunda chenje m'mutu mofulumira kuposa foni zawo. Anandipatsa moni mwaulemu, nandionjezera basera. Ine ndinasowa poyang'ana.

Tisaiwale m'mene tinafikira pano. Mu 1968 msonkhano waukulu wa Malawi Congress Party unagamula kuti Chinyanja chizitchedwa Chichewa ndi kukhala chilankhulo cha fuko, pambali pa Chingerezi cha ntchito za boma. Koma mu 1981, pamene Kamuzu Academy inatsegulidwa ku Mtunthama, ana osankhika a dziko lino anapatsidwa Chilatini ndi Chigiriki, ndipo uthenga unamveka mpaka ku midzi kuti nzeru zenizeni zimalankhula chizungu. Mu 1996 boma linalamula kuti ana a Sitandade 1 mpaka 4 aziphunzira m'zilankhulo za makolo awo. Mu 2014 linalengeza kuti Chingerezi chikhale chophunzitsira kuyambira Sitandade 1. Malamulo apita uku ndi uku ngati mbendera, koma mwana wa ku Nathenje akadali pomwe anali: Chingerezi amachimva m'kalasi mokha, kuchokera kwa mphunzitsi amene nayenso anachiphunzira m'kalasi. Lilime lake linazolowera malembo a liu asanu okha, a e i o u, ndipo akuyembekezeka kusiyanitsa "ship" ndi "sheep", "bird" ndi "bed", "hat", "hut" ndi "heart". Kwa iye "l" ndi "r" ndi liu limodzi. Phatikizo liri lonse limathera pa lembo la liu, n'chifukwa chake tiri ndi sukulu, supuni ndi buledi. Amene anayamba ndi Timve ndi Tsala m'mabuku akale aja akukumbukira kuti tinkaloweza ziganizo zimene panalibe wozinena kwa ife kunja kwa mpanda wa sukulu. Munthu wokulira m'njira yotereyi, akadzagwira cholembera kuti alembe nkhani, amalemba akuyang'ana kumbuyo ngati kukubwera inki yofiira.

Ena adzati yankho ndi lapafupi: tisiye Chingerezi, tilembe m'Chichewa. Obi Wali ananena zotero mu 1963, ndipo Ngugi wa Thiong'o anachitadi, nalemba buku m'Chigikuyu ali m'ndende ya Kamiti mu 1978. Ife tiri ndi chitsanzo chapafupi kwambiri. Samuel Ntara, mphunzitsi wa ku Nkhoma, kungodutsa Nathenje pang'ono, analemba *Nthondo* m'chilankhulo chathu, bukulo linapata mphotho mu 1933, ndipo Cullen Young analimasulira m'Chingerezi mu 1934 ndi dzina lakuti *Man of Africa*. Ntara analemba mudzi wake m'mau a mudzi wake, ntchito yowolotsa anasiyira wina. Njira imeneyi ndi yotseguka, ndipo ndikanakonda kuona nkhani zambiri za Chichewa pa misonkhano yathu. Koma sindiikhulupirira ngati mankhwala a nthenda zonse. Ndaonapo nkhani za Chichewa zimene ziganizo zake ndi Chingerezi chovala chitenje. Ndiponso anyamata athu awiriwa asankha Chingerezi, monga anachitira Legson Kayira, Aubrey Kachingwe ndi David Rubadiri m'mabuku awo a m'ma 1960, ndipo ndi ufulu wawo. Ntchito yathu ndi kuwathandiza pa njira imene asankha.

Tsono kwa mnzathu wa ku Mitundu ndikuti: galamala mwaigwira, musaiopenso. Bwererani ku msika tsiku lina, mukagule mtedza, mukakhale pansi ndi kumvetsera. Chiganizo chiri chonse chimene mwaika m'kamwa mwa agogo muchibweze m'Chichewa, ndipo mudzifunse ngati agogo anu akanachinena. Ngati sakanachinena, chifafanizeni ngakhale chikhale chokongola chotani. "Malume" mumsiye akhale "malume" m'Chingerezi momwemo, ndipo zochita zake zimfotokoze. Wowerenga amene anaphunzira maina a anthu a ku Russia m'mabuku omasuliridwa sadzalephera liu limodzi la Chichewa.

Kwa mnzathu wa ku Nathenje ndikuti: khutu muli nalo, ndipo ndi mphatso imene sukulu siphunzitsa. Kondakitala wanu ndi mai wa kabichi asiyeni alankhule m'mene akulankhuliramo, musawakhudze. Koma mau a inu wosimba nkhani ndi ena. Pamenepo tengani pensulo, mutsate "he" ndi "she" ali yense mpaka mutapeza mwini wake, musankhe nthawi imodzi ya mneni ndi kukhala nayo. Pa chiri chonse chimene mwasiya chopindika, mukhale okonzeka kutiuza chimene mukanalemba mukanafuna kuchiwongola. Mukatha kutero, ndiye kuti mwapinda mwadala ndipo ine ndidzakhala kumbali yanu. Mukalephera, ndiye kuti mwangolakwa. Safunsa anadya phula.

Ndikafunsidwa kuti mwa nkhani ziwirizi ndi iti imene tisindikize, ndinena kuti ya ku Nathenje, ikakonzedwa. Zolakwa zake zikhoza kutha madzulo amodzi ndi mnzake wodziwa galamala. Ya ku Mitundu ifunika kulembedwanso kuyambira pa moni. Ndikudziwa kuti chigamulo chimenechi chikutsutsana ndi m'manja mmene tinaomba tsiku lija, ndipo amene sakugwirizana nane ayankhe m'kope likubwerali, m'chilankhulo chiri chonse chimene angafune. Ndingopempha kuti pa msonkhano wotsatira, tisanatulutse zolembera zofiira, tiyambe tamvetsera nkhani yonse ikuwerengedwa mokweza, mapepala ali chafufumimba pa tebulo.